Zenera la kalavani likalasidwa ndi timiyala

Mumaziona mukafika. Mwaimika galimoto, mwamasula kalavani, kanyumba kokokedwa ndi galimoto, dzuwa lapendeka ndipo likuwomba zenera lakutsogolo chammbali. Zenera lomwe m'mawa linali loyera ngati madzi tsopano ladzaza timadontho totuwa. Mukayendetsapo chala mukumva kukhakhala. Pakona yakumunsi pali kadzenje kamodzi kozamirapo, ndipo mukasuzumira bwino mukuona kamzere kopyapyala ngati tsitsi kakutuluka m'kadzenjemo. Mupukuta, muiwala, kenako ulendo wina pa msewu wa miyala zibwereranso, mwina kuposa poyamba.

Ndinene msanga zomwe ndaona pokonza mazenera otere. Mwala umangoyambitsa mlandu, koma womaliza zenera kawirikawiri amakhala mwini wake. Kadzenje ka mwala kangathe kukhalapo zaka zambiri osavutitsa munthu. Zomwe zimapha zenera ndi nsalu youma yopukutira fumbi, spiriti, guluu wolakwika, kapena sandipepa m'manja mwa munthu amene akufuna chilema chichokeretu lero lomwe. Choncho musanagwire chida chilichonse, dziwani kaye chomwe chili pamaso panu.

Limaoneka ngati galasi, koma si galasi

Mazenera a makalavani ambiri, monga opangidwa ndi Dometic Seitz kapena Polyplastic, ndi a pulasitiki yotchedwa acrylic. Akatswiri amati PMMA, ndipo anthu ambiri amaidziwa ndi mayina a malonda, Perspex kapena Plexiglas. Inayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ankapangira mazenera a ndege. Opanga makalavani amaikonda chifukwa kulemera kwake sikufika theka la kulemera kwa galasi, komanso imalowetsa kuwala pafupifupi 92 peresenti. Zenera lenilenilo limakhala la zigawo ziwiri zomatidwa m'mphepete, pakati pali mpweya. Chigawo chilichonse n'chopyapyala, mamilimita 3 kapena chapompo. Nambala imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Acrylic ndi yofewa, n'chifukwa chake imakalika msanga, koma kufewa komweko ndi kumene kumalola kuti tiikweche n'kuiwalitsanso, zomwe pa galasi n'zovuta. Imayamba kulobodoka kutentha kukayandikira madigiri 105, ndipo makina opukutira akakhazikika pamalo amodzi amafikitsa pamenepo mosachedwa. Imafutukukanso ikatenthedwa. Zenera lotalika mita imodzi limatalikirapo pafupifupi mamilimita 0.07 pa digiri iliyonse, kutanthauza kuti kuchoka pa madigiri 5 mbandakucha kufika pa 45 padzuwa lamasana, lasuntha pafupifupi mamilimita 3. Madzulo libwerera, mawa zomwezo. Kupuma kumeneku ndi kumene kumakoka kamng'alu kakang'ono mpaka kafike m'mphepete.

Makalavani ena ali ndi mazenera a polycarbonate, ena a galasi lenileni. Polycarbonate nthawi zambiri imakutidwa ndi kachikopa kolimba pamwamba, ndipo mukaikwecha ndi sandipepa mwachotsa kachikopako, sikabwereranso. Onani zolembedwa pakona ya zenera kapena m'buku la kalavani. Zomwe ndikunena pano ndi za acrylic basi.

Tsukani kaye, muone bwino

Fumbi la mumsewu lili ndi timchenga tolimba kuposa acrylic. Kulipukuta louma n'chimodzimodzi kukwecha zenera ndi sandipepa. Thirani madzi ambiri poyamba, ayenderere okha atenge fumbilo. Kenako madzi ofunda okhala ndi timadontho ta sopo wamadzi wotsukira mbale, ndi nsalu yofewa ya microfibre, mopanda kukanikiza. Mapepala opukutira m'manja ayi, amasiya timizere. Mankhwala opopera pa magalasi a m'nyumba ayinso, ambiri ali ndi amoniya kapena spiriti.

Likauma, likokereni pamthunzi kapena dikirani chisisira, muunike ndi tochi chammbali, kuwala kuziyenda motsatira zenera. Chilema chilichonse chionekera. Paliponse pomwe mwapeza vuto matanipo kachidutswa ka tepi ya pepala pambali pake. Musalembepo ndi cholembera cha inki yosafufutika, inki yake ili ndi spiriti.

Tsopano chikhadabo. Chiyendetseni modutsa chilemacho. Ngati chikudutsa osakodwa, polishi yekha akwanira. Ngati chikukodwa pang'ono, pafunika sandipepa. Ngati chikulowa m'kadzenje, imeneyo ndi nkhani ina. Ndipo ngati mukuona mzere koma chikhadabo sichikumva kanthu kunja ndi mkati komwe, mzerewo uli m'thupi la acrylic: ndi mng'alu, kapena ndi timing'alu ta mankhwala tomwe ndifotokoze pambuyo.

Chifunga ndi timizere tosazama

Apa palibe zambiri. Tengani polishi wopangidwira acrylic, monga Xerapol kapena Novus 2, pang'ono pa nsalu yofewa, muzungulize mphindi ziwiri kapena zitatu, mupukute, muunikenso. Mubwereze mpaka mwakhutira. Novus 3 ndi wokhakhala kwambiri, wa mizere yozamirapo, ndipo Novus 1 ndi wongotsukira n'kuwalitsa pomaliza. Mankhwala otsukira mano amathandiza pa kamzere kamodzi mukakhala kutali ndi chilichonse, koma zenera lonse mungagone pomwepo. Polishi wa zitsulo ndimamupewa, chifukwa ambiri amakhala ndi amoniya ndi mafuta osungunula.

Kumbukirani kuti kuseri kwa chigawo chomwe mukupukutacho kuli mpweya wokhawokha. Mukakanikiza ndi mphamvu pakati pa zenera lalikulu limapindika, ndipo ngati pali kamng'alu kobisika kamathamanga. Ntchito ikakhala yaikulu, ndi bwino kulichotsa zeneralo n'kuligoneka pa bulangeti pamalo osalala.

Mizere yokola chikhadabo

Sandipepa wake ndi wamtundu wokwechera ndi madzi. Muviikeni mphindi 10 kapena 15 asanayambe ntchito, ndipo mumukulunge pa kachidutswa ka labala kapena siponji yolimbirapo, chifukwa zala zokha zimakumba timigula. Yambani ndi wosalala kwambiri amene angathe ntchitoyo. Ine ndimayamba ndi wa nambala 1500; nambala ikamakwera, sandipepa amakhala wosalala kwambiri. Akalephera ndimatsikira pa 1200, ndipo 800 ndimamugwira pokhapokha mzere utakanika. Mukayamba ndi wokhakhala muchotsa mzere umodzi n'kulemba mazana ena.

Kwechani molunjika, osazunguliza, madzi akuyenderera nthawi yonse. Mukasintha nambala sinthaninso mbali: woyamba chopingasa, wotsatira chotsika. Potero mukapukuta n'kuumitsa mumaona ngati mizere ya sandipepa wam'mbuyo yatha. Isanathe musapite patsogolo. Kuchoka pa 1500 mupite 2000, 2500, 3000, kenako polishi. Sandipepa aliyense azikuta malo okulirapo kuposa mnzake wam'mbuyo, kuti malire a pokwechedwa asaoneke. Amene ali ndi Micro-Mesh, mtundu wina wa sandipepa womwe umafika mpaka 12000, adziwe kuti manambala ake amawerengedwa mwa njira yakeyake, musawafanizire ndi a sandipepa wamba.

Pakati pa ntchitoyi zenera limayera mbuu ngati mwaliwononga. Mtima usagunde, umo ndi mmene zimakhalira, polishi abwezeretsa kuwala. Choopa chenicheni n'china. Mukakwecha kamalo kakang'ono mozama, pamatsala kabeseni kosaoneka ndi maso, koma mukayang'anira pamenepo mtengo wowongoka umaoneka wokhota. Mzere mwauchotsa, mwaikapo kupotoka komwe kuzikuwawani m'maso tsiku lililonse. N'chifukwa chake kamzere kotalika ngati chala kamafuna kuti mukweche malo aakulu ngati chikhatho kapena kuposa.

Makina opukutira gwiritsani ntchito ngati mumawadziwa kale, pa liwiro lotsikitsitsa, ndi siponji yofewa, osaima pamalo amodzi. Muzigwira zenera ndi kuseri kwa dzanja pafupipafupi, likafunda, pumulani. Samalaninso ndi mkombero wakuda womwe mazenera ena ali nawo m'mphepete. Pa ena ndi utoto wongodindidwa, sandipepa amauchotsa. Za kuwalitsa ndi lawi la moto kapena mpweya wotentha, zomwe amachita odula acrylic m'mphepete mwa zidutswa zatsopano, pa zenera la kalavani musayese. Zenera limeneli linaumbidwa ndi kutentha, mukalitenthanso limapindika kapena kusweka mkati.

Timaenje ta miyala

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa, choncho ndichedwapo.

Kadzenje si mzere. Mwala ukamenya umagamphula kachidutswa n'kusiya kabowo kozama, kokhala ndi milomo yophwanyika. Tinene kuti kuzama kwake ndi theka la milimita. Pa chigawo cha mamilimita 3, ndiye gawo limodzi mwa magawo 6. Kuti kadzenjeko kathe ndi sandipepa, muyenera kutsitsa malo onse ozungulira afike pansi pa kadzenjeko. Mukatsitsa malo aang'ono mwapanga kabeseni kopotoza maso kaja. Mukatsitsa malo aakulu mwapyapyalitsa zenera pamalo omwe miyala imamenya kwambiri. Njira zonse ziwiri mwaluza. Kadzenje kakuya sakathamangitsa ndi sandipepa.

Ndiye mutani? Zitengera kuti muli ndi timaenje totani.

Ngati ndi timadontho tambirimbiri tosazama, tomwe timachititsa zenera kuoneka lotuwa, cholinga chisakhale kutichotsa tonse. Kutuwako kumachokera ku milomo yophwanyika yomwe imamwaza kuwala, ndi fumbi lomwe lakhazikika mkati. Kwechani mopepuka zenera lonse ndi 2000 kenako 3000, mupukute ndi polishi. Milomo ikasalala, timaenje tambiri timasiya kunyezimira ngakhale tikadalipo. Pali kanthu kena komwe kamapusitsa anthu apa: polishi akauma m'timaenje amayera, ndiye mukamaliza ntchito zenera limaoneka ngati lawonjezera madontho. Munthu amakhumudwa n'kutenganso sandipepa. Musatero. Tengani mswachi wofewa ndi madzi a sopo, mutsuke timaenjeto, muumitse, ndipo muone kusiyana kwake musanaweruze.

Ngati ndi kadzenje kamodzi kapena tiwiri takuya, topanda mng'alu, ndipo sitili pomwe mumayang'anira mukakhala pansi, malangizo anga ndi oti mutisiye. Salazani milomo pang'ono ndi 2000, pukutani, basi. Ndikudziwa kuti zimenezi sizikoma kumva kwa munthu wokonda katundu wake, koma kadzenje koyera bwino sikalowetsa madzi ndipo sikakula.

Mukafunitsitsa kukadzaza, gwiritsani ntchito guluu wopangidwa kuchokera ku acrylic yomwe, wouma ndi kuwala, monga Acrifix 192. Akauma amasanduka acrylic, choncho amapindiza kuwala mofanana ndi zeneralo ndipo amakwecheka mofanana. Koma ali ndi ngozi yake. Zenera loumbidwa ndi kutentha limasunga kukokana mkati mwake, makamaka m'makona ndi mopindika, ndipo guluu wotere akakhudza malo okokana angathe kutulutsa timing'alu. Yesani kadontho kamodzi pamalo obisika m'mphepete, mudikire tsiku lathunthu. Pakapanda kuoneka kanthu, pitirizani.

Tokosani kadzenje ndi nsonga ya singano kuchotsa zophwanyika ndi fumbi, tsukani ndi madzi a sopo, mutsukuluze, ndipo musiye kaume tsiku lonse. Chinyezi chikatsala mkati chimasanduka kamtambo koyera kosachoka. Zungulizani tepi ya pepala kuti guluu asayenderere. Zenera likhale chogona. Tengani kadontho ndi kamtengo kotokosera mano, mukhudzitse pansi pa kadzenje kuti guluu adzaze kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Mukangodonthezera pamwamba mumatsekera kathovu ka mpweya. Adzaze mpaka atumphuke pang'ono, chifukwa pouma amanyala. Muike powala, ndipo ngati wanyala mpaka kulowa pansi, onjezani kadontho kena. Musafulumire kukwecha. Pamwamba pakhoza kulimba mkati mukadali mofewa, ndipo sandipepa angazule chonsecho. Mpatseni tsiku limodzi kapena awiri. Kenako salazani katumphu kaja ndi 1200 pa kachidutswa kolimba, tepi ikadalipo kuti iteteze m'mbali, muchotse tepi, mupitirize mpaka 3000 ndi polishi. Mukayang'anitsitsa mudzaonabe kamkombero kozimiririka. Wina aliyense sadzakaona.

Zomwe anthu amathamangira n'zomwe zimawononga. Supa guluu pouma amatulutsa nthunzi yomwe imasiya chifunga choyera kuzungulira pomwe mwamata. Utoto woyera wa zikhadabo uli ndi zosungunula zomwe zimadya acrylic. Guluu woonekera wa epoxy amachita chikasu akakhalitsa padzuwa. Zida zokonzera galasi lakutsogolo la galimoto zinapangidwira galasi, ndipo kachipangizo kake kokankhira mankhwala kamakanikiza pa chinthu chomwe sichifuna kukanikizidwa.

Mng'alu

Uwu sudikira. Mukauona muli pa ulendo, umitsani malowo, matanipo tepi yoonekera kunja kuti fumbi ndi madzi zisalowe, ndipo zeneralo musamalitsegule mpaka mutafika pokonzera. Fumbi likalowa mu mng'alu silitulukanso, mzerewo ukhala wakuda mpaka kale.

Mng'alu umayenda chifukwa mphamvu yonse ya kukokana imasonkhana pa nsonga yake yakuthwa. Mukaboola kabowo kozungulira pa nsongapo, mphamvuyo imamwazikana ndipo mng'alu umaima. Chovuta n'kupeza nsonga yeniyeni, poti imakhala patsogolo pang'ono pa pomwe maso akuonera. Unikani ndi tochi, gwiritsani ntchito galasi lokulitsa zinthu, ndipo muboole milimita imodzi kapena awiri kupitirira pomwe mzere ukuoneka kuti wathera. Mukaboola m'mbuyo mwa nsonga, mng'alu ungopitiriza ulendo kutsidya kwa bowo lanu.

Biti, kachitsulo koboolera, ikhale ya mamilimita 3. Biti yatsopano ya zitsulo ndi yakuthwa mopitirira: imaluma acrylic, kudzikokera mkati, n'kung'amba potulukira. Ikhuleni pang'ono pa mwala wonolera kuti milomo yake izipala m'malo moluma, ndipo muyesere kaye pa chidutswa cha pulasitiki yotha ntchito. Kulungani tepi pa biti mamilimita 4 kuchokera kunsonga, ikhale malire, kuti ikatulukira isakagwere pa chigawo chamkati. Boolani pang'onopang'ono, mopanda kukankha. Wina agwire makina opopa fumbi pafupi, chifukwa tizinyenyeswa tikagwera pakati pa zigawo ziwirizo mudzationa moyo wonse wa zeneralo. Ngati mng'alu uli ndi nsonga ziwiri kapena watuluka ngati nyenyezi, mwendo uliwonse ufuna bowo lake.

Mukatero mutha kuwotcherera mng'aluwo ndi guluu wamadzimadzi wa acrylic, monga Weld-On 4. Ameneyu amasungunula milomo iwiriyo kuti igwirane. Amaikidwa ndi sirinji ya singano yopyapyala. Mukangokhudzitsa pa mng'alu amadzikoka yekha kulowa mkati, ndipo mumaona mzere ukusintha maonekedwe pomwe wafika. Kadontho kogwera pambali musakapukute, mungapake chilema chachikulu. Kasiyeni kaume, mudzakakwecha pambuyo. Mankhwala ambiri a mtundu umenewu ali ndi dichloromethane, nthunzi yake ndi yoipa m'mapapo, choncho gwirirani panja. Nayenso muyeseni kaye pobisika. Mabowo aja adzazeni ndi guluu wokhuthala monga tinachitira ndi kadzenje. Mzere udzaonekabe, musayembekezere zozizwitsa. Chomwe mwapindula n'chakuti waima.

Onaninso komwe mng'alu wayambira. Ukachokera pa chotsekera, pa mkono wogwiriziza zenera likatseguka, kapena pa bowo la screw, mwala ulibe mlandu. Ndi screw yomangidwa mopitirira, yomwe ikuletsa zenera kupuma monga ndinanenera, kapena zenera linatsekedwa mokakamiza mkono usanamasuke. Mukangokonza mng'alu osamasulako screw, utulukanso pambali.

Timing'alu tonyezimira tomwe si ta miyala

Izi zinandionekera ine. Nditadutsa msewu womwe ankathira phula latsopano, zenera linadzaza timadontho takuda. Ndinanyowetsa kansalu ndi spiriti n'kupukuta. Phula linachoka, zenera linawala, ndinadziyamikira. Patapita masiku angapo, dzuwa litawomba chammbali, ndinaona pakona yopindika timizere tambirimbiri tonyezimira ngati ukonde wa kangaude, ndipo chikhadabo sichinkamva kanthu. Ndinataya tsiku lonse ndi polishi pachabe, chifukwa timing'alu totere timalowa m'thupi la acrylic.

Zoyambitsa zake ndi spiriti wa mtundu uliwonse, thina, acetone, petulo, mankhwala opopera udzudzu akagwera pa zenera, ngakhalenso zomata zina za pulasitiki yofewa zikakhalitsa padzuwa. Zimayambira pomwe pali kukokana, ndiye m'makona, pa mabowo, ndi m'milomo ya timaenje ta miyala. Kuchiza kulibe. Ngati ndi tochepa khalani nato, tikachuluka zenera lafooka. Phula ndi girisi zimachoka ndi parafini pang'ono pa kansalu, mutayesa kaye pobisika, kenako n'kutsuka msanga ndi madzi a sopo.

Nthunzi pakati pa zigawo

Si nthawi zonse pamene nthunzi imatanthauza kuti zenera labooka. Acrylic imalola chinyezi chochepa kudutsa, choncho nyengo ikasintha mwadzidzidzi pakati pamachita chifunga chomwe chimatha chokha kukafunda. Mazenera ambiri ali ndi timapulagi ting'onoting'ono pa chigawo chamkati. Tsiku lotentha louma mutha kutichotsa kwa maola angapo kenako n'kutibwezera. Koma madzi akamadikha pansi pakati pa zigawo, ndiye kuti pali polowera, mng'alu kapena pomatira papatuka.

Pomwe kukonza kwathera

Mng'alu ukafika m'mphepete, ukadutsa pa hinji kapena pa chotsekera, kapena zigawo ziwiri zikayamba kulekana, gulani lina. Chigawo chakunja chikathothoka pa liwiro chimagwera amene akubwera m'mbuyo mwanu. Pakona ya zenera pamakhala kapepala kapena zolembedwa zosonyeza wopanga ndi manambala a mtundu wake. Jambulani zimenezo, muyezenso kutalika ndi kutambalala. Mazenera ambiri otsegukira m'mwamba amachoka mosavuta: mumamasula mikono yake, kulikweza kupitirira pomwe limafika masiku onse, ndipo limatuluka mu njanji yake yapamwamba. Pakhale anthu awiri.

Chifukwa chake zimabwerera

Miyala yambiri yomwe imalasa zenera lakutsogolo imachokera ku matayala akumbuyo a galimoto yanu yomwe. Zeneralo lidzakuuzani. Timaenje tikachuluka kumunsi mbali zonse ziwiri, molunjika matayala, olakwa ndi matayala anu. Tikachuluka mbali imodzi yokha, ya pakati pa msewu, ndiponso pa mazenera a m'mbali, ndi magalimoto omwe mumakumana nawo.

Tayala limanyamula mwala n'kuuponya m'mwamba, ndipo kalavani imabwera pambuyo n'kuugunda. Tinganene kuti zenera ndi limene limathamangira mwala. Mphamvu ya kugundako imakula mofulumira kuposa liwiro: mukatsika kuchoka pa makilomita 80 pa ola kufika pa 60, yatsika ndi pafupifupi 44 peresenti. Palibe chida chogula chomwe chimateteza motere. Lole ikamabwera kutsogolo ikufukiza fumbi, chepetsani liwiro kwambiri musanakumane, mupatukire kumbali ngati malo alola.

Malabala otchinga kumbuyo kwa matayala akhale otambalala kuposa tayala ndi otsika mokwanira, koma asamakhudze pansi. Labala wokwekwereza pansi amatola miyala yekha n'kuiponya. Muyezeni kalavani itamangidwa kale ndipo katundu ali mkati, poti galimoto imatsika kumbuyo ikasenza. Labala amene amaoneka bwino galimoto ili yokha akhoza kumasesa msewu ikamakoka. Pali malabala ena amene amamangidwa pa chokokera penipeni, monga Rock Tamers, ndipo ku Australia, komwe amakoka makalavani mitunda italiitali pa misewu ya miyala, ambiri amamanga ukonde wogona pakati pa galimoto ndi kalavani, monga Stone Stomper, kuti miyala isakwere n'komwe. Chishango choimirira kutsogolo kwa kalavani chimathandizanso, koma chipendekere pansi ndipo chikhale cha ukonde wolobodokerapo. Cholimba choima chilili chimabweza miyala ngati mpira, n'kukaswa galasi lakumbuyo la galimoto.

Chophimba zenera cha nsalu yokhuthala n'chabwino ngati zenera ndi chophimbacho zonse n'zoyera, ndipo chamangidwa zolimba. Chikamakupiza ndi mphepo fumbi lili pansi pake, chimatha kulemba chifunga chomwe miyala sikanalemba. Tsukani zenera musanaphimbe, ndipo kutumulani chophimbacho mukachichotsa. Za pulasitiki yoonekera yomata, yomwe amaika pa utoto wa galimoto, funsani wopanga ngati ili yoyenera acrylic. Zina zimatuluka matuza chifukwa cha chinyezi chochokera mu acrylic, ndipo madzi omwe amapopera poimata nthawi zina amasakanizidwa ndi spiriti.

Matayala a mano akuluakulu amasunga timiyala m'mipata yake. Pa msewu wa miyala mukuyenda pang'onopang'ono timakhala phee, koma mukangokwera pa tala n'kuponda mafuta timafwamphuka limodzilimodzi, pa liwiro lalikulu kuposa lomwe munali nalo kumiyala kuja. Timaenje tina tozama kwambiri timabwera pamenepa, munthu ataganiza kuti zoopsa zatha. Msewu wa miyala ukatha, imani pambali, tengani screwdriver, muzungulire matayala akumbuyo mukutokosa timiyala totsekeredwa m'mano mwake, ndipo makilomita awiri oyamba pa tala muyende mofatsa kuti totsalira tigwe tokha.